Mwana wanga amupeza ndi Chiari ndipo sanayambe kuyenda: kodi ziwirizi n'zogwirizana?

Nabanda wa ku Chinamwali

Muli bwanji nonse. Ndili ndi mwana wamkazi wa chaka ndi miyezi 10. Mpaka lero sayenda yekha. Amaima akagwira mpando kapena chitenje changa, ndikamusiya amadzandira n'kukhala pansi. Mawu omveka ali nawo atatu basi: mama, tata, ndi "mwa" akafuna madzi. Kusikelo anatitumiza ku chipatala cha Zomba Central, a ku Central anatilembera kalata ya ku Blantyre, ndipo kumeneko anamujambula ndi makina oona mkati mwa thupi otchedwa MRI. Papepala alemba kuti "Chiari I malformation, cerebellar tonsils 6 mm below foramen magnum, no hydrocephalus". Tsiku lokaonana ndi dokotala wa opaleshoni ya mutu ndi miyezi iwiri kutsogoloku.

China n'chakuti akamamwa madzi m'kapu amatsamwa kawirikawiri, ndipo usiku amaliza mkonono ngati munthu wamkulu. Bambo ake akuti akangochitidwa opaleshoni ayenda. Agogo ake akuti kuchedwa kuyenda n'kwa kumtundu, tisamudulitse mwana. Ine ndili pakati. Kodi Chiari ndi amene wachedwetsa mwanayu? Ma tonsils akunenawo ndi a kukhosi aja? Miyezi iwiri tikudikirayi ndizichita chiyani?

Mbewe

Pepani mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Ndiyambe ndi ma tonsils, chifukwa mawu amenewa asokoneza makolo ambiri. Si a kukhosi ayi. Kunkhongo, m'munsi mwa ubongo waukulu, muli kachigawo kotchedwa cerebellum, komwe kamathandiza munthu kuima osapendama ndiponso kuyendetsa manja ndi miyendo mwadongosolo. Kunsi kwa cerebellum kuli timinofu tiwiri tolendewera, ndipo timeneti ndi timene akutitchula ma tonsils. Pansi pa chigaza pali bowo lalikulu limene ubongo umalumikizirana ndi mtsempha waukulu wa mumsana, ndilo foramen magnum. Timinofu tija timayenera kukhala pamwamba pa bowolo. Tikatsikira m'bowomo ndi mamilimita 5 kapena kuposa, amalemba kuti Chiari I. Dzinali ndi la Hans Chiari, dokotala wa ku Austria amene anafotokoza vutoli mu 1891.

Ndiye mwana wanu ali pa mamilimita 6, kungodutsa malire ndi milimita imodzi. Mwa ana ang'onoang'ono timinofuti timakhala totsikirako mwachibadwa, ndipo mwa ena timakwera mwana akamakula. Anthu ambiri amene ali ndi Chiari I amapezeka mwangozi, atawajambula pa chifukwa china, ndipo amakhala moyo wawo wonse osamva kalikonse. Nambala payokha sichititsa opaleshoni. Mwana wa mamilimita 12 atha kukhala wopanda vuto, wa mamilimita 6 n'kumavutika. Chimene dokotala amayang'ana ndi chakuti kodi pabowopo pathina mpaka kutsekereza madzi kapena kupanikiza mitsempha.

Madzi ndikunenawa ndi amene amazungulira ubongo ndi mtsempha wa mumsana. Thupi la munthu wamkulu limapanga pafupifupi theka la lita patsiku, ndipo amayenda kutsika ndi kukwera kudzera pabowo lomwelo mtima ukamagunda. Timinofu tija tikakhala ngati chitsekerero cha botolo, madziwo sadutsa bwino. Zikatero pamabuka zinthu zingapo. Madzi atha kusonkhana mkati mwa mtsempha wa mumsana n'kupanga thumba lotchedwa syrinx, lomwe limafooketsa manja, kuchititsa dzanzi, ndi kupinditsa msana. Mitsempha yolamulira kumeza, mawu ndi kupuma imachokera pomwepo, ndiye ikapanikizika mwana amatsamwa, mawu amasasa, kupuma kumadukiza ali m'tulo. Nthawi zina madzi amachuluka m'mutu, chomwe amati hydrocephalus, koma izi papepala panu akana kale, ndipo ndi nkhani yabwino.

Tsopano funso lenileni. Chiari I nthawi zambiri sachedwetsa kulankhula, kumva zimene anthu akunena, kapena kusewera ndi anzake. Atha kusokoneza kayendedwe, inde, makamaka ngati pali syrinx. Koma mwana akachedwa mbali ziwiri nthawi imodzi, kuyenda ndi kulankhula, ine ndinganene kuti tisayime pa Chiari pokha. Choopsa n'chakuti pepala la MRI lili ndi dzina lalikulu lachilendo, ndiye aliyense amasiya kufufuza, kumati gwero lapezeka. Kuno kwathu zochedwetsa ana zodziwika ndi izi: kubanika pobadwa, kubadwa masiku asanakwane, chikasu chachikulu m'sabata yoyamba, malungo a mu ubongo, meningitis (matenda oumitsa khosi), kusamva bwino, kuchepa magazi, kunyentchera, HIV, khunyu, ndi chithokomiro chosagwira bwino ntchito. Zambiri mwa izi zimayezeka konkuno ku Zomba.

Tiuzeni izi: anabadwa miyezi itakwana? Analira atangobadwa? Anagonekedwapo chifukwa cha chikasu, malungo kapena kukomoka? Kulemera kwake ndi kukula kwa mutu m'buku la kusikelo zikuti bwanji? Nanga MRI ija anajambula mutu wokha kapena ndi msana womwe?

Nachisale

Mayi, a Mbewe afotokoza bwino, koma ine ndikufuna tiimepo pa kutsamwa ndi mkonono, chifukwa pa zonse mwalembazi ndi ziwiri zimenezi zimene zingasinthe tsiku lanu lija. Mwana wamkulu wa Chiari amadandaula mutu wa kunkhongo akatsokomola, akayetsemula, akaseka kwambiri kapena akamachima kuchimbudzi, ndipo umatha pakangopita kanthawi kochepa. Mwana wosakwana zaka zitatu sanganene zimenezo. Iye amaonetsa ndi kumeza ndi kupuma, kapena kulira atagwira kunkhongo, kupindira khosi kumbuyo, kukana kuti mumugwire mutu.

Mkononowo utha kukhalanso wa minofu ya kuseri kwa mphuno ndi ma tonsils enieni a kukhosi, zomwe n'zofala kwambiri pa msinkhu umenewu. Kusiyanitsa kwake kumayambira kunyumba. Usiku atagona, mukwezereni malaya kuti chifuwa ndi mimba zioneke, yatsani tochi cha pambali, mujambuleni vidiyo pafoni kwa mphindi 5 mpaka 10, masiku atatu osiyana, kamodzi kakhale cha m'bandakucha. Foni ikhale pafupi kuti phokoso limveke. Ngati chifuwa chikukoka mwamphamvu koma mpweya sukulowa, kenako n'kudzidzimuka ndi mkonono waukulu, njira ya mpweya ndiyo ikutsekeka. Ngati chifuwa ndi mimba zangoti zii, osayesa n'komwe kupuma, ndiye kuti lamulo lopuma silikuchokera ku ubongo, ndipo mtundu umenewu ndi umene dokotala wa opaleshoni ya mutu afuna kuumva msanga. Werengani masekondi. Kaduke kopitirira masekondi 10 kalembeni. Kakafika masekondi 20, kapena milomo ikada, musadikire kuti kuche.

Zina zosadikira miyezi iwiri: kupuma kolira ngati mluzu pokoka mpweya, mawu olira kusasa kapena kuchepa mphamvu popanda chimfine, chakudya kutulukira m'mphuno, dovu losaleka limene kale kunalibe, chibayo chobwerezabwereza, kusanza m'mawa uliwonse, kugona kosadzutsika, maso kunjenjemera kapena kuyang'ana pansi, dzanja limodzi kuleka kugwira zinthu, ndiponso kutaya luso limene anali nalo kale, monga kuleka kuima pamene ankaima. Chimodzi mwa izi chikaoneka pitani ku Zomba Central tsiku lomwelo ndi pepala la MRI m'manja, mupemphe kuti alumikizane ndi a ku chipatala cha Queens ku Blantyre kuti tsiku lanu lifupikitsidwe. Kutsamwa kumene mwanena kale kukukwanira kuti mupite sabata ino kukanena, osati kudikira.

Pa kadyetsedwe, madzi ndi tiyi ndi zimene zimatsamwitsa kwambiri, chifukwa zimathamanga kukhosi mwana asanatseke njira ya mpweya. Mukhazikeni chilili pamiyendo panu, chibwano chiweramire pachifuwa pang'ono, mutu usagwere kumbuyo. Kapu ikhale yodzaza kuposa theka kuti asachite kugadamitsa mutu posaka madzi, kapena mumwetseni ndi supuni. Phala likhale lolimbirako, loti mukapendeketsa supuni likutsika pang'onopang'ono, osati kuyenderera ngati thobwa. Supuni imodzi, ameze, muone kuti m'kamwa mwatha, kenako ina. Kumutsina mphuno kapena kumugoneka chagada n'kumamuthira phala, monga ena amachitira mwana akakana kudya, kwa mwana uyu n'koopsa kwambiri. Akatha kudya akhale chilili mphindi 30 asanagone. Mtedza wosasinja ndi chimanga chokazinga zisamuyandikire. Mukamva mawu ake akumveka ngati muli madzi kukhosi atangomwa, lembani, chifukwa ndi chizindikiro choti madzi akulowera kolakwika.

Chomaliza, ndipo ichi musachiiwale. Mwana akatentha thupi n'kukomoka, kuchipatala nthawi zambiri amatenga madzi a pamsana ndi jakisoni kuti aone ngati ndi meningitis. Kwa mwana wa Chiari, kuchotsa madzi kumunsi kutha kukokera timinofu tija pansi koposa. Pemphani dokotala alembe ndi zilembo zazikulu patsamba loyamba la buku lake la kuchipatala kuti mwanayu ali ndi Chiari, ndipo aliyense wopita naye kuchipatala, kaya ndi bambo ake kaya agogo, azinena asanayambe chilichonse. Sindikuti muzikana chithandizo. Ndikuti amene akuganiza zobaya pamsana adziwe kaye, kuti asankhe akudziwa.

Nabanda wa ku Chinamwali

Zikomo kwambiri a Mbewe ndi a Nachisale. Anabadwa miyezi itakwana ndipo analira pompo. Chikasu ayi, kukomoka ayi. Sikelo ya mwezi watha anali 9.2 kg, mutu 47 cm. MRI inali ya mutu wokha. Chimene sindinanene n'chakuti makutu ake atulukapo mafinya kawiri chaka chino, ndipo ndikamuitana ali chofulatira nthawi zina satembenuka. Anakhala pansi yekha ali ndi miyezi 9, anakwawa atakwanitsa chaka ndi mwezi.

Gondwe

Mayi Nabanda, zimene mwawonjezazi n'zothandiza kuposa mmene mukuganizira. Mutu wa 47 cm pa mtsikana wa miyezi 22 uli pakatikati penipeni, palibe chodetsa nkhawa. Kulemera ndiko kwatsalira, chifukwa anzake a msinkhu umenewu amakhala cha m'ma 11 kg. Mwana wotsamwa amadya pang'ono, ndipo mwana wodya pang'ono miyendo yake siikhala ndi mphamvu yoyendera. Kusikelo apempheni ayeze mkono ndi katepi kaja: pansi pa 12.5 cm amayenera kulowa m'ndondomeko ya zakudya zowonjezera, pansi pa 11.5 cm ndi wa chiponde. Ayezenso magazi. Kunyumba, m'phala lililonse thiranimo supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, nsinjiro kapena ufa wa soya, dzira kapena ufa wa usipa, ndipo adye kasanu patsiku.

Makutuwo ndiwo ndikuwakayikira kwambiri pa nkhani ya kulankhula. Mafinya akatha, kuseri kwa nembanemba ya khutu kumatha kutsala madzi kwa miyezi, ndipo mwana amamva ngati mmene mumamvera mutatseka makutu ndi zala. Amamva chitseko chikamenyeka, ndiye makolo amati akumva, koma mawu a anthu amamufika osamveka bwino. Kuomba m'manja kumbuyo kwake si muyeso. Ku Queens kuli kiliniki yoyeza makutu, ndipo ali ndi makina oyezera ana osalankhula, mwana amangokhala pamiyendo pa mayi ake. Pemphani kalata ya kumeneko kuti ulendo umodzi wa ku Blantyre ugwire ntchito ziwiri. Pakadali pano musathire mafuta kapena madzi a masamba m'khutu. Likatuluka mafinya, pukutani ndi kansalu koyera kopota, katatu patsiku, n'kupita kuchipatala.

Za msinkhu, kafukufuku wa bungwe la WHO wa mu 2006 anapeza kuti pafupifupi ana onse athanzi amakhala pansi okha pofika miyezi 9, amakwawa pofika miyezi 13 ndi theka, ndipo amayenda okha asanakwanitse miyezi 18. Wanuyu wakhala akufika kumapeto kwenikweni kwa malire pa chilichonse, ndipo pa kuyenda wadutsa. Choncho agogo akulakwa ponena kuti tingodikira, ngakhale zili zoona kuti mabanja ena ana awo amachedwerako. Koma onaninso ichi: akupita kutsogolo, sakubwerera m'mbuyo. Mwana amene vuto la mu ubongo likukula amataya zimene ankatha. Pa kulankhula, mwana wa zaka ziwiri amayembekezeka kuphatikiza mawu awiri, monga "mama madzi". Kuti adziwe bwino pamene ali, funsani ngati angamuyeze ndi MDAT, muyeso umene unapangidwa konkuno ku Malawi n'kusindikizidwa mu 2010. Umayang'ana mbali zinayi: kuyenda, kugwiritsa ntchito zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu.

Mafizo asadikire opaleshoni, ndipo asadikire tsiku la dokotala. Ku Zomba Central kuli a mafizo, pitani mukalembetse. Kunyumba chitani kangapo patsiku, mphindi 10 zokha nthawi iliyonse, osavala nsapato. Muimikeni pabenchi lofika pachifuwa pake, ikani chidole kumapeto kuti ayende cham'mbali atagwira. Mukhazikeni pa kampando kafupi koti mapazi afike pansi bwinobwino, mumuitane aimirire kudzatenga chinthu, kakhumi. Dzazani mchenga theka m'chigubu cha malita 20 kapena ikani njerwa ziwiri m'katoni yolimba kuti azikankha pabwalo losalala. Chikapepuka chimathawa ndipo mwana amagwa chafufumimba. Pomuyendetsa mugwireni m'chiuno, osati kumukweza manja m'mwamba, chifukwa mwana wopachikidwa manja saphunzira kudziimika. Tiwilo toyendera tija amakhazikamo ana musagule, timaphunzitsa kuyenda ndi zala za kumapazi ndipo timagwetsa.

Chifukwa cha Chiari, pewani chilichonse chogwedeza kapena kupinda khosi mwamphamvu: kumuponya m'mwamba, kumuzondotsa, kumupidigula, kapena kumupereka kwa anthu owongola khosi. Mukamubereka ndipo wagona, kwezani chitenje chigwire mutu, makamaka pa kabaza m'misewu ya mabampu.

Pa kulankhula, khalani maso ndi maso, wailesi itazimitsidwa. Tchulani chimene iye akuyang'ana, osati chimene inu mukufuna ayang'ane. Akati "mwa", inu muziti "madzi, ukufuna madzi", n'kumupatsa. Muonetseni zinthu ziwiri, nthochi ndi mbatata, mudikire masekondi 5 kuti aloze kapena atulutse mawu. Kudikirako ndi kumene makolo ambiri kumawavuta, amafulumira kuyankhira mwana.

Phiri

Ndiwonjezere za opaleshoni, popeza ndi pamene bambo ndi agogo akukanganirana. Madokotala amachita opaleshoni pakakhala syrinx, vuto la kumeza kapena kupuma lotsimikizika kuti likuchokera pamenepo, kufooka kumene kukukula, kapena mutu wa kunkhongo wosautsa. Kuchedwa kuyenda ndi kulankhula pakokha si chifukwa chokwanira, ndipo dokotala woona sangakulonjezeni kuti mwana alankhula akachoka kutebulo. Cholinga cha opaleshoniyi ndi kumasula pothina ndi kuletsa kuwonongeka kupitirira. Bambo amve zimenezi asanapite, kuti asakagwe mphwayi.

Kachitidwe kake, mwana amagonekedwa chafufumimba, amacheka pakati pa nkhongo kutsikira kukhosi, amachotsa kachidutswa ka fupa la chigaza m'mphepete mwa bowo lija, cha m'ma 3 cm, ndipo kawirikawiri amachotsanso mbali ya kumbuyo ya fupa loyamba la khosi. Ena amalekera pomwepo. Ena amatsegulanso chikopa chokuta ubongo n'kusokererapo chigamba kuti malo akule. Njira yachigambayi imamasula kwambiri, koma ndi imene imabweretsa mavuto ochuluka: madzi kudontha pabala, kutupa kofewa ngati thumba pansi pa khungu, ndi meningitis. Njira ya fupa lokha mavuto ake ndi ochepa koma nthawi zina imafuna kubwerezedwa, komanso mwa ana ang'ono fupa limatha kumeranso. Mukapita kafunseni kuti asankha iti ndipo chifukwa chiyani. Ngati ati sachita opaleshoni, funsani kuti adzamuonanso liti ndipo adzajambulanso pakachitika chiyani.

Popeza MRI inali ya mutu wokha, funsani za kujambula msana wonse, chifukwa syrinx imatha kukhala m'munsi mosaoneka pa chithunzi cha mutu. Kunyumba mutha kumuyang'ana msana pomusambitsa: mapewa akhale ofanana, ndipo akawerama mbali imodzi ya nthiti isatukuke kuposa inzake. Kujambulako kumafuna mwana asagwedezeke kwa theka la ola kapena kuposa, ndiye amamugonetsa ndi mankhwala. Kawirikawiri amati asadye maola 6, asayamwe maola 4, asamwe madzi maola 2, koma tsatirani zimene akuuzani iwowo. Auzeni za mkonono ndi kutsamwa asanamupatse mankhwala ogonetsa, chifukwa mankhwalawo amafooketsa kupuma. Muvuleni ndolo, mapini ndi chilichonse cha chitsulo, ngakhale chingwe cha m'chiuno ngati chili ndi kachitsulo. Diski ya zithunzi muzitenga ulendo uliwonse pamodzi ndi pepala, chifukwa dokotala wa opaleshoni amafuna kuona yekha, sadalira zolembedwa zokha.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi mwana wobadwa ndi chotupa kapena bala pamsana, chomwe amati spina bifida: wanuyo ndi Chiari II, ndipo zimene zanenedwa pamwambazi zoti ambiri samva kanthu sizikukhudza inu. Ana amenewa ambiri amachulukanso madzi m'mutu ndipo amaikidwa kapaipi kotchedwa shunt. Mwana wa shunt akayamba kupuma molira mluzu, kutsamwa, kusanza kapena liwombo kutupa, choyamba kukayikira ndi shunt kuti yatsekeka, ndipo ndi ulendo wa tsiku lomwelo. Vuto la spina bifida ndi limene vitamini wotchedwa folic acid amathandiza kupewa, koma amayenera kuyambidwa mimba isanaime, chifukwa msana wa mwana umatsekeka pofika masiku 28. Mayi amene anaberekapo mwana wa spina bifida amapatsidwa mlingo waukulu, 5 mg patsiku, kuyambira asanaime mpaka masabata 12. Chiari I sabwera chifukwa chosowa folic acid, kapena chifukwa cha chimene mayi anadya, ananyamula kapena analakwa ali woyembekezera. Nthawi zambiri ndi chipinda cha kunkhongo cha chigaza chimene chinakula chochepa.

Nachisale

A Phiri anena zoona za msana. Mayi, gulani kope la masamba 40 likhale la mwanayu yekha. Tsiku lililonse mzere umodzi: watsamwa kangati ndipo ndi chiyani, wagona bwanji, walira atagwira kunkhongo kapena ayi, wachita chiyani chatsopano. Mutu muyezeni kamodzi pamwezi ndi tepi ya telala, kudutsa pamwamba pa nsidze ndi pamene nkhongo yatukuka kwambiri, katatu, mulembe nambala yaikulu. Pa msinkhu wake mutu umakula pang'ono kwambiri, ndiye ukawonjezera sentimita yathunthu pamwezi umodzi kaoneni dokotala. Mavidiyo a usiku aja musawafufute foni ikadzaza, atumizeniko ku foni ya bambo ake. Ku Central mupite ndi vidiyo yoyamba sabata ino, ndipo ngati n'kotheka agogo apite nawo akamve okha.